Kapangidwe ka buku la ana la zithunzi lomwe ngwazi yake ndi mtsikana

Anthu ambiri ofuna kulembera ana buku la zithunzi amapunthwa pamalo atatu. Nkhani imatalika mpaka kusefukira masamba. Mtsikana amene amati ndiye ngwazi amangoyendayenda m'nkhanimo kudikira kuti abambo ake kapena mchimwene wake adzamupulumutse. Ndiye buku likachoka kwa osindikiza, mumapeza nkhope ya mtsikanayo yagwera pakati penipeni pomwe amenyapo sitepula. Malangizo awa ndi a buku la masamba 32, la saizi ya A5 (theka la pepala la A4), la ana a zaka 5 mpaka 9, kaya owerenga okha kapena owerengeredwa ndi akuluakulu.

Zofunika kukhala nazo

Mapepala wamba a A4, osachepera 30, oyeserera.
Mapepala ochindikala a A3 ojambulapo, a 200 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) kapena kuposa ngati mugwiritsa ntchito utoto wamadzi. Ochepera apo amakwinyika akanyowa.
Mapensulo a HB ndi 2B, labala, lula, lumo ndi guluu.
Cholembera chakuda cha inki yosasungunuka ndi madzi.
Utoto wamadzi kapena mapensulo a mitundu, ndi maburashi awiri, yaikulu ndi yaing'ono.
Sitepula ya mkono wautali, kapena singano ndi ulusi wolimba.
Sikana, kapena foni ya kamera yabwino.
Kompyuta yokhala ndi pulogalamu yoyalira masamba. Scribus ndi Bloom ndi zaulere.
Ana anayi kapena asanu oti adzamve nkhaniyo isanasindikizidwe, anyamata akhalepo.

Nkhani

1. Sankhani vuto limodzi looneka ndi maso. Lilembeni m'chiganizo chimodzi chotchula mtsikanayo, chimene akufuna, chomulepheretsa ndi nthawi imene yamutsalira. Tigwiritse ntchito chitsanzo ichi m'malangizo onsewa: Tadala, wa zaka 8, ayenera kutulutsa mbuzi ya agogo ake m'dzenje lomwe anthu ankaumbapo njerwa, mvula isanalidzaze madzi. Wojambula angathe kujambula dzenje, mbuzi ndi mitambo. Koma mukalemba kuti "Tadala akuphunzira kudzidalira", wojambula alibe choti ajambule.

Chenjezo: musayambe ndi phunziro loti muphunzitse ana, kenako n'kumasaka nkhani yolikutira. Ana amazindikira msanga kuti akulalikidwa.

2. Mpatseni mtsikanayo luso limodzi ndi chofooka chimodzi. Apa ndi pamene mabuku ambiri amafera, choncho musathamange. Kulimba mtima si kusachita mantha. Tadala aziopa mabingu, ndipo owerenga adziwe zimenezi patsamba loyambirira, kuti mabinguwo akadzayamba iye ali yekha pafupi ndi dzenje, aliyense amve kuti kukhalabe pomwepo kwamulemera. Nzeru zakenso zichokere pa chinthu chimene mwana wazaka zake angathedi kuchidziwa. Tadala ndi amene amadyetsa mbuziyo tsiku ndi tsiku, ndiye akudziwa kuti imatsatira madeya kulikonse, komanso kuti ukaikoka ndi chingwe imakanirira kumbuyo. Zimenezi n'zokwanira kupulumutsira mbuzi.

Musamupatse mphamvu zamatsenga ngati njira yothetsera vuto, ndipo musamupange kukhala wangwiro, womvera, waukhondo, woyamba m'kalasi ndi wokongola koposa onse. Mwana wotero palibe amene amamufunira zabwino. Mulekeni aiwale kutseka khola, kuti vutolo likhale loti analiyambitsa yekha. Musalembenso kuti "ngakhale anali mtsikana, sanaope". Chiganizo chotere chimauza mwana kuti mantha ndiwo chibadwa cha atsikana, pomwe inu mumafuna kunena zosiyana ndi zimenezo.

3. Chotsani akuluakulu m'njira yomveka. Kwathu kuno mwana sasowa wamkulu pafupi, ndipo owerenga adzafunsa kuti, "Bwanji sanakaitane amalume ake?" Yankhani funsoli m'nkhani momwemo. Onse apita kumaliro kumudzi wina, kapena kumunda wakutali, kapena Tadala wakuwa koma mphepo yameza mawu ake. Akuluakulu angathe kuoneka poyamba ndi pomaliza, ndipo mnzake kapena mng'ono wake angathe kumuthandiza kunyamula thabwa, koma ganizo lothetsa vuto lichoke m'mutu mwa mtsikanayo.

4. Bzalani chida msanga, ndipo ayese katatu. Chilichonse chimene adzapulumukire pamapeto chioneke kumayambiriro ngati chinthu chopanda ntchito. Patsamba 5 Tadala athire madeya m'thumba la diresi lake. Patsamba 11 adutse pa chitseko chakale chotayidwa pafupi ndi uvuni wa njerwa. Kuyesa koyamba: akoleka mbuzi ndi chingwe n'kukoka, koma ikukanirira. Kwachiwiri: akuwa, palibe womumva, mvula yayamba kudontha. Kwachitatu: atsetseretsa chitseko chija m'dzenje ngati mlatho, n'kuwaza madeya kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kulephera kulikonse kumuphunzitse kanthu kothandiza pa kuyesa kotsatira, kusakhale kungotalikitsa nkhani.

Chenjezo lalikulu: ana amatsanzira zimene aona m'buku. Ngwazi yanu isalowe m'dzenje la madzi, isawoloke mtsinje wosefukira, isagwire njoka, isabisale pansi pa mtengo kukung'anima. Nzeru za Tadala zikuonekera pomwepo, poti watulutsa mbuzi iye osalowamo.

Kugawa masamba

5. Dziwani masamba amene muli nawo. Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba anayi a A5. Mapepala 8 ndiwo masamba 32. N'chifukwa chake masamba a buku lomenyedwa sitepula amakhala 24, 28, 32 kapena 36, osati 30. Chikuto chimawerengedwa padera.

Mwa masamba 32 aja, tsamba 1 ndi la mutu wa buku, tsamba 2 ndi la umwini ndi osindikiza, tsamba 3 mungaikepo kachithunzi kapena mawu opereka bukulo kwa wina. Nkhani imayamba patsamba 4 n'kutha pa 31, ndiye muli ndi magulu 14 a masamba awiri oyang'anizana, kuphatikizapo tsamba 32 lokhala lokha. Nkhani ya Tadala ingagawidwe motere:

Masamba 4 mpaka 7: pakhomo, madeya, mantha a mabingu, khola losatseka.
Masamba 8 ndi 9: mbuzi yasowa.
Masamba 10 mpaka 15: kulondola mapazi, masamba odyedwa ndi kulira kwapatali.
Masamba 16 ndi 17: dzenje.
Masamba 18 mpaka 21: chingwe chalephera.
Masamba 22 ndi 23: kukuwa, mvula.
Masamba 24 ndi 25: wagwa ulesi, dzanja lagunda madeya m'thumba.
Masamba 26 mpaka 29: chitseko.
Masamba 30 ndi 31: kubwerera kwawo.
Tsamba 32: kanthabwala komaliza, monga mbuzi ikutafuna chingwe cha khola.

Masamba 16 ndi 17 ndiwo apakati, okhawo amene ali papepala limodzi, choncho chithunzi chachikulu kwambiri chiikeni pamenepo chifukwa sichidzasemphana pakati.

6. Lembani mawu ochepa. Nkhani yonse ikhale ya mawu 400 mpaka 600, pafupifupi 30 kapena 40 pa masamba awiri oyang'anizana, ndipo ena akhale ndi mawu asanu okha kapena opanda mawu n'komwe. Mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi ngati "sanamuyembekezere" limadya malo ambiri pamzere, ndiye musadalire kuwerenga mawu kokha, onaninso malo amene akutenga.

Chimene chithunzi chikuonetsa musachilembenso. Ngati wojambula aonetsa diresi lachikasu ndi mitambo yakuda, mawu anene zimene diso silingaone: zimene Tadala akumva, akuganiza kapena akunena. Tengerani luso kwa okamba nthano. Mawu ofanizira mkokomo ngati "khuvu!", "gubudu!", "zii" ndi "phaa!" amagwira ntchito ya ziganizo ziwiri, ndipo ana amawabwereza mokweza. Kanyimbo kapena mawu obwerezabwereza, monga mmene Tadala amaitanira mbuzi yake, kabwere katatu kapena kanayi, kuti ana azivomereza ngati mmene amayankhira "Tili tonse".

Masamba a nambala zosagawika ndi 2 amakhala kumanja nthawi zonse. Funso kapena chodabwitsa chiikeni kumapeto kwa tsamba lakumanja, yankho lake likhale kuseri. Tsamba 15 lithe ndi "Anasuzumira...", dzenje lioneke mwana akatembenuza. Mukaika funso kumanzere ndi yankho kumanja, mwana amaona yankho asanamve funso.

7. Pangani kabuku koyesera. Pindani mapepala 8 a A4, lembani manambala a masamba, dulani mawu anu n'kuwamata pamalo pake, kenako jambulani mwachangu ndi pensulo, ngakhale anthu a timitengo. Gawo ili ambiri amalidumpha poganiza kuti n'kutaya nthawi, koma ndi lokhalo limene limakuonetsani kuti masamba atatu otsatizana ali ndi chithunzi chofanana, kapena kuti mapeto apanikizika patsamba limodzi.

8. Werengerani ana. Musawafunse kuti "Kodi ndi yabwino?", chifukwa mwa ulemu adzavomera onse. Musanatembenuze tsamba afunseni kuti, "Mukuganiza kuti achita chiyani?" Akangokhala chete, ndiye kuti vuto silinamveke. Akalosera za chitseko ndi madeya ali patsamba 12, mwaulula msanga, chepetsani chitsekocho pachithunzi. Onani pamene ayamba kuyang'ana kumbali, pamenepo ndi podula. Pomaliza mwana mmodzi aifotokoze nkhaniyo yekha. Gawo limene walidumpha nthawi zambiri silifunika. Ndi bwinonso kupatsa mwana wa Sitandade 3 kuti awerenge mokweza, inu n'kumalemba mawu amene akumukola lilime.

Zithunzi

9. Yambani ndi pepala la maonekedwe a mtsikanayo. Musanajambule tsamba lililonse, mujambuleni ali chakutsogolo, cham'mbali ndi chakumbuyo, akuthamanga, atagwada, akukoka. Onjezani nkhope zisanu: kuseka, mantha, mkwiyo, kuganiza ndi kutopa. Yezani msinkhu wake ndi mutu wake. Mwana wa zaka 8 amatalika pafupifupi mitu isanu ndi umodzi, ndipo ojambula ambiri amachepetsa kufika pa inayi kapena isanu kuti aoneke wamng'ono. Mukatalikitsa miyendo aoneka ngati namwali. Muimikeni pafupi ndi mbuzi ndi agogo kuti kukula kwawo kusamasinthe.

Mpatseni chizindikiro chimodzi chosavuta kubwereza, monga diresi lachikasu la thumba limodzi, kapena tsitsi lomangidwa timfundo tinayi. Chitenje cha maluwa ambirimbiri chimakongola patsamba loyamba, koma mudzachijambula kakhumi ndi kanayi ndipo sichidzafanana. Zovala zikhale zoti angathamange nazo.

10. Jambulani pa A3, masamba awiri pamodzi. Masamba awiri a A5 ndi ofanana ndi A4 yogoneka, mamilimita 297 m'litali ndi 210 m'lifupi. Kujambula pa A3 n'kudzachepetsa kumabisa timizere tonjenjemera. Lembani mzere wofooka pakati, ndipo nkhope, manja kapena mawu zisayandikire mzerewo. Siyani malo oyera kapena a mtundu wowala poti padzakhale mawu. Mawu oikidwa pa udzu kapena pa mitambo yakuda mwana sawawerenga.

Timawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, choncho Tadala akamapita kukasaka mbuzi aziloza kumanja, komwe kuli tsamba lotsatira. Chomutchinga chichokere kumanja. Sinthasinthani poonera: apa tili patali tikuona mudzi wonse, apa tili pafupi ndi nkhope yake, apa tili m'dzenje ndi mbuzi tikuyang'ana kumwamba. Mtsikanayo pazithunzi zambiri azikhala akuchita kanthu ndi manja ake. Mukawerenga zithunzi n'kupeza kuti m'zambiri wangoima akuonerera, ndiye kuti mwabwerera ku vuto la gawo 2.

Malo ajambuleni monga alili. Pitani mukaone uvuni wa njerwa, khola la mbuzi, mpanda wa udzu, mujambule ndi foni. Ngati nkhani ili kunyanja, bwato likhale la mtundu umene asodzi a kumeneko amagwiritsa ntchito. Ana amagwira msanga zolakwika zotere.

Khungu lakuda ndi limene limavuta kwambiri posindikiza. Sakanizani utoto wa khungu kamodzi, wokwanira buku lonse, muusunge m'kabotolo kotseka. Mthunzi wapankhope musaupange ndi utoto wakuda, onjezani buluu pang'ono ku bulauni yemweyo. Siyani powala pamphumi, pamphuno ndi m'masaya. Papepala utoto umada kuposa mmene umaonekera pakompyuta, ndipo mukadetsa kwambiri, pankhope pamangotsala maso ndi mano, mantha ndi nzeru zomwe munavutika kujambula osaonekanso.

Ngati wojambula ndi munthu wina, lembani pangano musanayambe: zithunzi zingati, adzakonza kangati popanda malipiro ena, ndalama zidzaperekedwa m'magawo angati, ndipo mwini zithunzi ndani buku likatuluka. Muvomereze zojambula za pensulo asanapake utoto. Dzina lake likhale pachikuto pamodzi ndi lanu.

Kuyala ndi kusindikiza

11. Lowetsani zithunzi mu kompyuta. Sikani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse). Ngati sikana ndi ya A4, sikani mbali ziwiri zolowerana pang'ono n'kuzilumikiza. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, jambulani masana pamthunzi, osayatsa fulashi, foni ili pamwamba penipeni pa pepala. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa ndipo chimatuluka chosaoneka bwino.

12. Funsani osindikiza musanayale masamba. Ngati mukufuna kuti utoto uzifika m'mphepete penipeni, chithunzi chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse. Osindikiza amati bleed. Amasindikiza papepala lalikulu kenako n'kudula, ndipo mpeni sugwera pamzere ndendende. Masamba awiri pamodzi akhale mamilimita 303 ndi 216, omwe pa 300 dpi ndi mapikiselo pafupifupi 3,580 ndi 2,550. Koma ngati mudzasindikiza pamalo opangira fotokope, papepala la A4, makina ake amasiya mzere woyera m'mbali, ndiye konzeranitu zithunzi zokhala ndi malire oyera. Mawu onse akhale mamilimita 10 kuchokera m'mphepete.

13. Ikani mawu. Zilembo zikhale za saizi 16 mpaka 18, zosapendekeka, zosakongoletsedwa. Andika ndi mtundu wa zilembo waulere wopangidwira ana oyamba kuwerenga, ndipo "a" wake amafanana ndi amene ana amalemba kusukulu. Ngati mumalemba ŵ, yesani kaye ngati zilembo zanu zili naye, chifukwa zina zimaika kabokosi m'malo mwake. Musadule liwu kumapeto kwa mzere. Mawu akhale akuda enieni, a inki yakuda yokha, kuti asatuluke ndi mthunzi wa mitundu ina.

14. Tumizani PDF ndipo pemphani buku limodzi loyesera. Tumizani masamba motsatana kuyambira 1 mpaka 32, zilembo zitalowetsedwa m'failo, mitundu ili mu CMYK (dongosolo la inki zinayi zosindikizira) ngati osindikiza afuna choncho. Mkati pemphani pepala la 120 mpaka 150 gsm, poti la 80 gsm limaonetsa chithunzi cha kuseri. Chikuto chikhale cha 250 kapena 300 gsm, chokutidwa ndi pulasitiki ngati ndalama zilipo. Musalole kuti asindikize mabuku onse musanagwire limodzi m'manja n'kuona nkhope ya mtsikanayo pa kuwala kwa dzuwa.

Mukamadzisindikizira nokha, manambala a masamba awiri okhala mbali imodzi ya pepala amakwana 33 mukawaphatikiza: 32 ndi 1, 2 ndi 31, 30 ndi 3, mpaka 16 ndi 17. Menyani masitepula awiri kuchokera kunja, ndipo nsonga zake zipindike bwino mkati kuti zisabaye zala. Popanda sitepula yaitali, boolani mabowo atatu pamzere wopinda n'kusoka ndi ulusi. Masamba apakati amatuluka pang'ono kutsogolo, adulirane ndi lula ndi mpeni wakuthwa buku litapindidwa kale.

15. Malizani za umwini. Patsamba 2 lembani mayina a wolemba ndi wojambula, chaka, ndi chizindikiro cha ©. Buku loti ligulitsidwe m'masitolo limafunika nambala ya ISBN yozindikiritsa bukulo, yomwe ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Za ufulu wa eni ntchito funsani ku bungwe loona za ufuluwu la COSOMA. Ngati cholinga n'choti ana aziwerenga kwaulere pafoni, mawebusaiti a African Storybook ndi StoryWeaver amalandira nkhani za m'zilankhulo za mu Africa, koma werengani kaye chilolezo chawo, chifukwa chimalola anthu ena kumasulira ndi kusintha ntchito yanu.

Zolakwika zofala

Kutha ndi maloto. Mukalemba kuti Tadala anadzidzimuka n'kupeza kuti amalota, mwamulanda zonse zimene anachita.

Kutha ndi mphotho yaikulu, mfumu itasonkhanitsa mudzi wonse kudzamuyamika. Agogo kungoyang'ana matope a padiresi, kenako mbuzi, n'kumupatsa mbatata yootcha, n'zokwanira.

Kupanga anyamata onse a m'nkhani kukhala opusa kapena ankhanza kuti mtsikana aoneke wanzeru. Anyamata omvera nkhaniyo amaleka kumvetsera, ndipo kupambana anthu opusa sikuonetsa nzeru.

Kulemba phunziro patsamba lomaliza, kapena kudzaza masamba ndi mafunso ngati mayeso. Ngati aphunzitsi afuna mafunso, aikeni mkati mwa chikuto chakumbuyo, asapitirire atatu.

Chikuto choulula mapeto. Chionetse Tadala ndi vuto lake, osati mbuzi itatuluka kale. Mutu wa buku uziwerengeka munthu ali patali masitepe atatu.

Kusintha mawu zithunzi zitapakidwa kale. Mukasintha "chingwe" kukhala "chitenje" patsamba 18, zithunzi zinayi ziyenera kujambulidwanso.

Kudziwerengera nokha zolakwika za kalembedwe. Maso anu amawerenga zimene mumafuna kulemba. Patsani mphunzitsi wa Chichewa awerenge PDF yomalizayo, osati nkhani ya poyamba ija, ndipo aonenso chikuto ndi tsamba 2, komwe zolakwika zimakonda kubisala.